Mzinda wokaona ndi wina, wokakhala ndi wina

Magetsi akazima madzulo, mabuku titatseka, nkhani za m'zipinda zathu zogona sizichedwa kuwoloka nyanja. Wina amaponya funso lija: utapatsidwa visa ya ku America lero, ungakakhale mzinda uti? Mayankho timawadziwa kale. Woyamba amati New York. Wachiwiri amati Los Angeles. Wokonda basketball amatchula Chicago, ndipo amene waonera filimu dzulo amati Miami. Palibe amene amatchula katauni ka anthu osakwana 2,000 kozunguliridwa ndi minda ya maapozi.

Macheza amenewa amaoneka ngati ongotayitsa nthawi, koma kwa ena mwa ife amafika pokhala zenizeni. Alipo amene amalembadi makalata opempha malo m'mayunivesite a kumeneko. Makolo amagulitsa ng'ombe kapena puloti, abale amasonkha, mpingo umaperekeza ndi pemphero. Munthu akalakwitsa posankha malo, ndalama zonsezo zimatha m'miyezi yochepa, ndipo amene anapitira sukulu amasanduka wongothamangitsa lendi. Nchifukwa chake maganizo athu ndi akuti funsoli tiligawe pawiri. Mizinda imene imatikopa pa kanema ndi yabwino kukaiona, ndipo tinena imene ife timaikonda. Koma wophunzira amene akupita kukakhala zaka zingapo ayambire ku malo ang'onoang'ono, ngakhale dzina lake lisamveke bwino pouza anzake.

Yokaona

Pa mizinda yokacheza, ife timayika Washington patsogolo. Chifukwa chake nchapafupi: zambiri zofunika kuona kumeneko nzaulere. Nyumba zosungiramo zinthu zakale za bungwe la Smithsonian, lomwe linakhazikitsidwa mu 1846, sizilipiritsa polowa. M'nyumba ina muli ndege imene abale awiri a Wright anaulutsa mu 1903 komanso chombo chimene chinabweza anthu a ulendo wa Apollo 11 kuchokera kumwezi. Ina, yotsegulidwa mu 2016, imafotokoza mbiri ya anthu akuda a ku America kuyambira pa zombo za akapolo mpaka lero. Kuchoka pamenepo munthu amayenda wapansi kukafika pa masitepe a Lincoln Memorial, pomwe Martin Luther King anaima polankhula ku khamu la anthu pa 28 August 1963. Wophunzira wa thumba lopepuka atha kutha sabata yonse akuphunzira popanda kutulutsa ndalama ya pakhomo. Ndipo likulu la mpingo wathu lili ku Silver Spring, kunja pang'ono kwa mzindawu.

New York sitingaisiye. Muli anthu oposa 8 miliyoni m'zigawo zisanu: Manhattan, Brooklyn, Queens, Bronx ndi Staten Island. Sitima zake zapansi pa nthaka zinayamba kuyenda mu 1904 ndipo zimayenda usana ndi usiku. Mlendo wochenjera safunika kuwononga zambiri. Sitima yapamadzi yowolotsa anthu kupita ku Staten Island ndi yaulere, ndipo ukakwera umaona bwinobwino chipilala cha Statue of Liberty. Mlatho wa Brooklyn, womwe unatsegulidwa mu 1883, umawolokeka wapansi. Amene akufuna kuona dziko lonse litakumana pamalo amodzi apite ku Queens, komwe pamsewu umodzi umamva zilankhulo zambirimbiri.

Chicago timaikonda chifukwa cha nyanja. Mzindawu uli m'mbali mwa Lake Michigan, nyanja ya madzi opanda mchere yomwe kukula kwake nkuphatikiza nyanja yathu ya Malawi pafupifupi kawiri. Moto wa mu 1871 unapsereza mbali yaikulu ya mzindawu, ndipo pomanganso ndi pamene akatswiri anayamba kuyesa nyumba zitalizitali za mafupa achitsulo. Amene amakonda za zomangamanga sangatope kuyang'ana kumwamba. Koma apiteko m'miyezi ya June mpaka September, chifukwa mphepo ya m'nyengo yozizira yochokera kunyanjako siseka ndi munthu.

Kummwera kwa dzikolo tisankhako malo awiri. New Orleans, pafupi ndi pomwe mtsinje wa Mississippi umathira m'nyanja, ndi kwawo kwa nyimbo za jazz ndi kwa Louis Armstrong. Kuli bwalo lotchedwa Congo Square, pomwe akapolo ankaloledwa kusonkhana Lamlungu nkumaimba ng'oma. Chakudya chawo chotchuka, gumbo, nthawi zambiri amathiramo therere, moti ukalawa umadziwa kuti agogo a ophikawo anachokera kuti. Mbali zina za mzindawu zili m'munsi kuposa nyanja, ndipo mu 2005 namondwe wa Katrina atagumula zipupa zotchinga madzi, gawo lalikulu la mzinda linamira. Amene timachokera ku chigwa cha Shire nkhani yotere sitichita kufotokozeredwa. Malo achiwiri ndi Montgomery ku Alabama. Kumeneko ndi komwe Rosa Parks anakana kupereka mpando wake m'basi pa 1 December 1955, ndipo anthu akuda ananyanyala mabasi kwa masiku 381, nkumayenda wapansi kupita kuntchito. Mu 2018 kunatsegulidwa malo okumbukira anthu akuda amene anaphedwa ndi magulu achiwembu popanda mlandu kuzengedwa. Si malo osangalatsa, koma munthu amachokako atamvetsa dziko limene walichezera.

Chikomekome cha mkuyu

Nanga bwanji osangokakhala m'mizinda yomweyi? Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mlendo amaona mzinda kwa masiku asanu ali ndi tikiti yobwerera m'thumba. Wokhalamo amauona pa tsiku loyamba la mwezi, mwini nyumba akafuna zake.

Tiyambe ndi masamu. Ku Manhattan nyumba ya chipinda chimodzi chogona lendi yake imaposa madola 3,000 pamwezi. Ku San Francisco, Boston ndi Los Angeles nako nkokwera kwambiri. Pomwe wophunzira wa visa ya F-1 lamulo limamulola kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ikakhala yotsegula, ndipo poyamba ntchitoyo iyenera kukhala ya pasukulu pomwepo. Malipiro otsikitsitsa amene boma la dziko lonse linakhazikitsa akhala madola 7.25 pa ola kuyambira mu 2009. Mizinda ikuluikulu ili ndi malipiro akeake okwererapo, komabe ngakhale titawaphatikiza kawiri, maola 20 pa sabata sangakwanitse lendi yotere. Kuwonjezera apo pali chakudya, mabuku, zovala za nyengo yozizira ndi inshulansi ya zachipatala, yomwe kumeneko munthu sangayerekeze kukhala wopanda. Masamu akakana, chiyeso chimabwera: kugwira ntchito mozemba lamulo, kujomba m'kalasi, kenako kutaya visa. Amene anachoka kwawo ndi nyimbo amayamba kuzemba mafoni a kumudzi.

Chachiwiri ndi kusungulumwa. Ife tinakulira kumene munthu ukadwala anthu amadziwa dzuwa lisanalowe. M'nyumba zosanjikizana za m'mizinda ikuluikulu utha kutha chaka osadziwa dzina la wokhala khomo loyandikana nalo. Eni dziko omwe akudandaula nazo. Mu 2023 mkulu wa zaumoyo m'dzikolo, Vivek Murthy, anatulutsa chenjezo lonena kuti kusungulumwa kwafika pokhala vuto la umoyo wa anthu. Ngati zili choncho kwa obadwira komweko, kuli bwanji mwana wa ku Ntcheu amene wangotsika ndege?

Choncho poyesa malo okakhala, ife timafunsa mafunso amene kanema sayankha. Kodi lendi ya chipinda ikugwirizana ndi ndalama imene ndingapeze mololedwa? Kodi ndingafike kusukulu, kusitolo ndi kutchalitchi ndilibe galimoto? Ndipo nditapanda kuoneka masabata awiri, alipo amene angagogode pakhomo panga?

Yokakhala

Tikayesa ndi muyeso umenewu, malo oyamba kwa ife ndi dera la Berrien Springs ku Michigan pamodzi ndi mzinda wa South Bend, womwe uli kungodutsa malire kulowa ku Indiana. Berrien Springs ndi katauni kaja ka anthu osakwana 2,000. Kuli Andrews University, sukulu imene inasamukira kumeneko kuchoka ku Battle Creek mu 1901, ndipo imalandira ophunzira ochokera m'mayiko ambiri. Dera lonselo ndi la alimi a zipatso: maapozi, mapichesi ndi mphesa. Wokhala pasukulupo amayenda wapansi kupita m'kalasi, kulaibulale ndi kutchalitchi. South Bend, wa anthu pafupifupi 100,000, uli pa mtunda wosakwana makilomita 50, ndipo kumeneko kwakhala Amalawi ambiri kwa zaka zambiri. Izi si zazing'ono. Kumene kuli anthu akwanu kumapezeka wokakulandira ku bwalo la ndege, wokubwereka jekete, wokuuza sitolo imene imagulitsa ufa wophikira nsima, komanso wokudzudzula ukayamba kusochera. Ukafuna kuona magetsi a mzinda waukulu, sitima ya South Shore Line imachoka ku South Bend kukafika pakati pa Chicago. Umapita m'mawa, nkubwerako madzulo kudzagona kumene lendi ndi yopiririka.

Malo achiwiri ndi Huntsville ku Alabama. Uwu ndi mzinda wapakatikati, wa anthu oposa 200,000, ndipo pano ndiwo waukulu m'chigawo chonsecho. Kumeneko ndi kumene akatswiri a NASA anakonza roketi ya Saturn V yomwe inanyamula anthu kupita kumwezi mu 1969, ndipo mpaka lero ndi mzinda wa mainjiniya. Kulinso Oakwood University, yomwe mpingo unakhazikitsa mu 1896 kuti iphunzitse anthu akuda, pamalo pomwe kale panali munda wolimidwa ndi akapolo. Okonda kwaya amaidziwa sukuluyi chifukwa cha gulu la Aeolians, ndipo gulu la Take 6 linayambira pomwepo. Kuzizira kwake nkocheperako poyerekeza ndi ku Michigan, ndipo moyo ndi wotsikirapo mtengo kusiyana ndi mizinda ya m'mbali mwa nyanja. Kwa wophunzira wakuda amene akuopa kukakhala yekhayekha pakati pa azungu, kumeneko sangaoneke wachilendo.

Loma Linda ku California timaitchula mosamala. Ndi tauni ya anthu pafupifupi 25,000, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kummawa kwa Los Angeles. Mpingo unagula malowo mu 1905, ndipo lero yunivesite ndi chipatala chake ndi zotchuka pa maphunziro a zaumoyo. Mu 2005 magazini ya National Geographic inaika tauniyi pa malo ochepa a padziko pomwe anthu amakhala ndi moyo wautali, ndipo zifukwa zimene zinatchulidwa ndi zomwe timaphunzitsidwa kuyambira tili ana: kudya zamasamba, nyemba ndi mtedza, kupewa fodya ndi mowa, kupuma tsiku limodzi pa sabata, ndi kukhala pakati pa anthu okudziwa. Mpaka mu 2011, makalata a positi kumeneko ankaperekedwa Lamlungu m'malo mwa Loweruka. Kwa anamwino ndi ena a zachipatala ndi malo okopa. Koma California ndi California. Nyumba ndi zodula, chilimwe chimatentha koopsa, ndipo derali limachita zivomezi. Wopita kumeneko apite ali ndi thandizo la ndalama lolembedwa papepala, osati longolonjezedwa pakamwa.

Kuyambira pang'ono si nzeru yatsopano. John Chilembwe atapita ku America mu 1897 anakaphunzira ku Lynchburg, mzinda waung'ono wa ku Virginia, ndipo anabwerako mu 1900. Kamuzu Banda anayambira ku Wilberforce, kamudzi ka ku Ohio. Ku Chicago anafikako pambuyo pake, nkumaliza digiri yake mu 1931, asanapite ku Meharry Medical College ku Nashville komwe anamaliza zaudokotala mu 1937. Mzinda waukulu anaulowa atazolowera kale chilankhulo, nyengo ndi khalidwe la anthu.

Walira mvula walira matope

Tikudziwa kuti ena atitsutsa, ndipo zina mwa zonena zawo nzoona.

Adzati m'matauni ang'onoang'ono mulibe mabasi. Apa sitingakane. America inamangidwa moganizira galimoto. Kulibe minibasi yoima paliponse, kulibe kabaza. Ku New York mabanja oposa theka alibe galimoto ndipo amakhala bwinobwino, pomwe m'tauni yaing'ono sitolo yaikulu itha kukhala kutali moti wapansi sungafikeko. Yankho lathu ndi lakuti wophunzira asankhe kukhala pasukulu kapena pafupi nayo chaka choyamba, ndipo aphunzire kuyendetsa galimoto asananyamuke kuno. Galimoto yakale, yogula kwa wophunzira amene akumaliza, imatsika mtengo kuposa kusiyana kwa lendi ya miyezi ingapo pakati pa Manhattan ndi Michigan.

Adzatinso kumpoto kumazizira. Zoonadi. Mphepo ikadutsa pamwamba pa Lake Michigan imatenga chinyezi nkukachikhuthula ngati chipale chofewa m'matauni a kummawa ndi kummwera kwa nyanjayo, ndipo Berrien Springs ndi South Bend ali momwemo. Mu January kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 0 kwa masiku ambiri. Mu December dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko, pomwe mu June limafika 9 koloko usiku kudakali kowala, moti ngakhale nthawi yotsegulira Sabata imasuntha ndi maola anayi pachaka. Kuzizira kwa ku Dedza ndi kwa ana. Koma kuzizira kuli ndi mankhwala ake: jekete, nsapato zoyenera ndi nyumba yotenthetsedwa. Ndipo New York ndi Chicago nakonso kumazizira. Ku Huntsville, komwe chipale sichivuta, vuto ndi mphepo zamkuntho zozungulira zimene zimagwetsa nyumba. Palibe malo opanda chake.

Mfundo yachitatu ndiyo yolemera. Ntchito zambiri zili m'mizinda ikuluikulu, ndipo m'matauni ena ang'onoang'ono munthu wakuda wolankhula Chingerezi cha kwathu kuno amayang'anidwa kawiri. Tsankho ku America silinathe, ndipo sitikunena kuti tauni iliyonse yaing'ono ndi yabwino. Nchifukwa chake malo amene tatchulawa ndi matauni a mayunivesite, komwe anthu anazolowera kuona alendo. Za ntchito, tikuvomereza kuti womaliza maphunziro atha kufunika kusamukira ku Atlanta, Dallas kapena Washington. Koma apite ali ndi digiri m'manja ndi kalata ya ntchito, osati ndi chikwama chokha.

Pali chenjezo linanso limene tiyenera kudzipatsa tokha. Tauni yodzaza ndi anthu a mpingo umodzi itha kusanduka khola. Munthu atha kukhala ku America zaka zinayi osacheza ndi wina aliyense wosiyana naye chikhulupiriro, nkubwerako akudziwa miseche ya Amalawi anzake yokha. Mbiri yathu yomwe ili ndi phunziro. Battle Creek, komwe General Conference inakhazikitsidwa mu 1863, inadzaza ndi abale amene ankangosamukirako kuti akhale pafupi ndi likulu, ndipo Ellen White anachenjeza kangapo za kuunjikana kotereku. Mu 1902 chipatala chachikulu cha kumeneko ndi nyumba yosindikizira mabuku zinapsa ndi moto m'chaka chimodzi, ndipo mu 1903 likulu linasamukira ku Washington. Lero Battle Creek ndi malo abwino kukaona: kuli nyumba zakale za apainiya, ndipo ku manda a Oak Hill kunaikidwa James ndi Ellen White komanso Sojourner Truth, mayi amene anabadwira mu ukapolo nkukhala mlaliki wolimbana nawo. Koma phunziro lake ndi lakuti tauni yaing'ono ikhale poyambira ndi popumira, isakhale pobisalira. Wokhala ku Berrien Springs akwere sitima ija, akaone Chicago, akadzipereke kuthandiza ovutika ku Benton Harbor komwe kuli pafupi, adziwe dziko limene akukhalamo.

Tisananyamuke

Kwa anzathu amene akulemba makalata chaka chino, pempho lathu ndi lakuti musasankhe sukulu chifukwa cha dzina la mzinda. Safunsa anadya phula. Funsani mtengo wa chipinda, mtunda wochoka pogona kufika m'kalasi, ndalama ya inshulansi, ndi ngati kuli mpingo umene mungafikeko wapansi kapena wina wokutengani. Lankhulani ndi munthu amene wathako nyengo yozizira imodzi, osati amene anangopitako ku msonkhano wa sabata imodzi. Aphunzitsi athu amene anaphunzira kumeneko alipo, ndipo maofesi awo sali kutali.

Kwa makolo ndi akulu a mpingo, tikupempha kuti tisiye kuyesa ana athu ndi kutchuka kwa malo amene ali. Mwana akanena kuti ali ku Berrien Springs kapena ku Huntsville, ena amafunsa mokhumudwa kuti, "Nanga ku New York sunapiteko?" Funso lotere limakankhira achinyamata ku malo amene sangawakwanitse, pofuna chithunzi chotumiza pa WhatsApp. Ndi bwino kufunsa ngati akudya, ngati akukhoza m'kalasi, ndi ngati ali ndi anthu omuyendera.

Ndipo kwa ambiri a ife amene mwina sitidzakwera ndege imeneyo, muyeso uja umagwirabe ntchito. Tikamaliza pano tidzasankha pakati pa Lilongwe ndi Mzimba, pakati pa Blantyre ndi Mwanza, ena pakati pa Johannesburg ndi kwathu. Mafunso adzakhala omwewo: lendi, mayendedwe, ndi anthu okugogodera pakhomo.

Usiku wina magetsi akadzazimanso, wina nkuponya funso lija, ife tidzayamba tamufunsa kuti: ukunena kukaona kapena kukakhala? Ngati nkukaona, tipatseni Washington, New York ndi New Orleans, ndipo tidzabwerako ndi nkhani zokwana chaka. Ngati nkukakhala, tisiyireni katauni ka minda ya maapozi kaja.